Tibwezereni Zolemba Zathu

Panali munthu wina, mayi wogwira ntchito mu laibulale ya koleji yaing'ono ya unamwino ndi uzamba, kutali ndi tauni. Dzina lake anali Nangondo. Sanali wolankhulalankhula. Koma pa nkhani iliyonse ankadikira kuti anzake atsirize kugwirizana, kenako n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga zikavuta?" Chifukwa cha ichi anzake a pantchito anamupatsa dzina loti a Nanga-Zikavuta, ndipo ena ankamuitana choncho iye ali pomwepo.

Kuseri kwa laibulaleyo kunali kachipinda kosungiramo mabuku a kafukufuku. Wophunzira aliyense womaliza maphunziro ankasiyamo buku lake limodzi, aphunzitsi nawonso chimodzimodzi. Ambiri mwa mabukuwo analibe anzawo kwina kulikonse. Pachitseko panali chikwangwani chakale cholembedwa kuti, "Mabuku a muno satuluka." Wofuna kuwerenga ankasiya chikwama pakhomo, n'kuwerengera pomwepo, maso a Nangondo ali pa iye. Umu ndi mmene zinkakhalira m'malaibulale onse a m'chigawocho. Wantchito wabwino anali uja amene pa zaka zake zonse sanalolepo buku la m'chipinda chotere kudutsa pakhomo.

Mwa mabuku onsewo munali limodzi limene Nangondo ankaligwira ndi manja awiri. Analemba ndi malemu mayi Likongwe, mzamba amene anaphunzitsa pa kolejiyo kwa zaka zambiri. Mayiwo anayenda m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, kulemba zimene azamba ankachita kuti mwana wobadwa masiku asanakwane asazizidwe kumene kulibe magetsi. Analilemba pa makina otayipira, pa mapepala opyapyala, ndipo lina silinatsale. Mwana wa Nangondo, dzina lake Tawina, anabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri, m'nyengo yozizira. Mzamba amene anamuthandiza anali wophunzira wa mayi Likongwe. Tsono kwa Nangondo bukulo silinali nambala ya pa shelefu chabe.

Koma denga la kachipindako linkadontha, ndipo chiswe chinali chitalowa m'mashelefu a pansi.

Chaka china malaibulale a makoleji anayi anapangana kuchita chinthu chimodzi. Panali koleji ya zamalonda ya m'tauni, ya aphunzitsi, ya zaulimi, ndi iyi ya unamwino, imene inali yaing'ono pa zonse ndipo inalowa mumgwirizanomo pomalizira. Anati ajambule mabuku awo onse a kafukufuku tsamba ndi tsamba, n'kuwaika m'nkhokwe imodzi ya pa kompyuta, kuti wophunzira wa koleji iliyonse azitha kuwerenga ali kumene ali. Akulu a koleji ya unamwino atamva izi anakondwa, chifukwa ankasowa kalasi, ndipo kachipinda kaja kakanasanduka kalasiyo. Analamula kuti mabuku ojambulidwa aziikidwa m'makatoni, ndipo nkhokwe ikangosankhidwa, onse ogwidwa chiswe akatenthedwe kuti asapatsire ena. Buku la mayi Likongwe linali m'gulu la ogwidwa chiswe.

Anasankha komiti yoti iyese nkhokwe zimene makampani ankabwera nazo, munthu mmodzi kuchokera ku laibulale iliyonse. Wapampando anali bambo Thawale a ku koleji ya m'tauni, munthu amene anagwira ntchito ya mabuku zaka makumi atatu ndipo sanatayepo ngakhale limodzi. Iwo ndiwo analemba fomu yoyesera, ya mafunso makumi awiri. Kodi nkhokweyi imalandira buku msanga? Imalandira mabuku angati? Imawasanja bwino? Imaoneka bwino pa foni? Imatchinga akuba? Mafunso anali abwino ndithu, ndipo Nangondo nayenso anawavomera.

Kunabwera makampani atatu. Yoyamba inatumiza bambo wa suti yotuwa, amene anaonetsa zithunzi zake pakhoma lonse. Anaponya buku m'nkhokwe yake, ndipo munthu asanaphethire kawiri panatuluka kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti lalowa.

"Mabwana anga," anatero, "mukaika buku muno mukagone tulo. Chiswe sichifika, mvula sifika, wakuba safika."

Bambo Thawale anatembenukira kwa Nangondo. "Mwamva, a Nanga-Zikavuta? Tatiuzani, lero zikavutira pati?"

Onse anaseka. Nangondo anasekako pang'ono. Mtima wake sunakhazikike, koma funso lenileni silinabwere.

Kampani yachiwiri inali ya anyamata awiri amene anapanga okha nkhokwe yawo, ndipo ankainyadira ngati mwana woyamba. Yachitatu inatumiza mayi wina amene anafika mochedwa chifukwa basi inafera panjira. Nkhokwe yake inali yosakongola. Isanalandire buku inkafunsa dzina la mlembi, mutu, chaka, ngakhale kuchuluka kwa masamba, ndipo ukadumpha pamodzi inkakana. Munthu wa ku koleji ya zaulimi ananong'oneza mnzake kuti, "Iyi ndiye ndi ya ku polisi. Ikutsala pang'ono kufunsa dzina la mfumu yathu."

Anapangana kuti ayese nkhokwe zonse zitatu kwa mwezi umodzi. Koleji iliyonse iike mabuku makumi asanu, omwewo m'nkhokwe zonse, kenako adzakumane n'kusankha. Nangondo anabwerera kwawo, nayamba kujambula. Buku lililonse akamaliza ankaliika m'katoni monga analamulira akulu. Pofika sabata yachitatu zinali zoonekeratu. Kampani yoyamba inakhoza mafunso onse kupatula limodzi. Yachiwiri inatsatira. Yachitatu inali kumchira.

Tsiku lina m'sabata yomweyo Nangondo anatanganidwa, ndipo anatuma mlamu wake kuti akatenge Tawina ku sukulu ya mkaka. Patapita nthawi foni inalira. Aphunzitsi akana kupereka mwana. Nangondo anasiya ntchito, nayenda mofulumira, mtima uli m'mwamba, akukonza mawu oti akanene.

Anapeza aphunzitsi ataima pa geti, Tawina ali kumbuyo kwawo atagwira chitenje.

"Pepani, mayi a Tawina," anatero aphunzitsiwo. "M'mawa mwana timalandira kwa aliyense, ngakhale wa kabaza. Koma poweruka timapereka kwa mwini wake, kapena kwa amene mwini wake anationetsa. Bambowa sitikuwadziwa."

Atatero anamupatsa mwanayo, ndi kachikwama kake, kapu yake, ndi juzi imene anavula masana. Kenako anawonjezera kuti, "Lero phala sanamalize, ndipo thupi linatenthako pang'ono. Mukamuone bwino kunyumba."

Nangondo anangothokoza. Anabereka mwana wake nauyamba ulendo. M'njira anakumbukira mmene anasankhira sukuluyo. Anapita m'mawa. Anaona zithunzi zokongola pakhoma, ana akuimba, aphunzitsi akulandira aliyense momwetulira. Sanapiteko nthawi yoweruka ngakhale kamodzi. Kuti sukuluyo inkadziwa kubweza mwana unali mwayi chabe, osati nzeru zake.

Kutacha anatenga fomu ya komiti n'kuiwerenganso kuyambira pamwamba. Mafunso onse makumi awiri anali a m'mawa. Onse ankafunsa za kulandira ndi kusunga. Panalibe limodzi lofunsa za kubweza. Ndipo sanadabwe, chifukwa anthu onse anayi amene anavomera fomuyo anali oti moyo wawo wonse akhala pansi pa chikwangwani choti mabuku a muno satuluka.

Anaimbira foni bambo Thawale, napempha kuti awonjezere funso limodzi: tikadzafuna kuchoka, mabuku athu adzatibwezera motani?

"Mayi, fomu ija akuluakulu anaidinda kale," anayankha bambo Thawale. "Komanso tichokerenji tisanalowe n'komwe? Munamvapo mkwatibwi akufunsa njira ya kwawo pa tsiku la ukwati?"

"Safunsa chifukwa amakhala akuidziwa kale, bambo."

Bambo Thawale anaseka. "Inu ndinu a Nanga-Zikavuta enieni. Tikaonana Lachisanu la sabata ya mawa. Mubwere ndi fomu yodzaza."

Nangondo anakhala masiku awiri osachita kanthu. Ankaopa. Mu komitimo iye ndiye anali wamng'ono pa msinkhu ndi pa udindo, ndipo koleji yake inalowa mochita kupempha. Akakwiyitsa wapampando akanatha kuchotsedwa, ndipo akulu ake sakanamufunsa chifukwa. Koma nthawi iliyonse akadutsa pa makatoni aja, ankaona katoni yolembedwa kuti "Zotentha." Lolemba lotsatira msonkhano, buku la mayi Likongwe lidzakhala phulusa. Kuyambira tsiku limenelo lidzakhala m'manja mwa anthu amene iye anawaona kamodzi kokha.

Tsiku lachitatu anakhala pansi nalemba kalata imodzi, naitumiza kwa makampani onse atatu, ndi kwa wapampando kuti asadzati anachita mobisa. Inali yaifupi.

"Zikomo potisungira mabuku makumi asanu a koleji yathu. Tikupempha kuti mutibwezere onse pasanathe masiku asanu ndi awiri, lililonse ndi dzina la mlembi wake, mutu wake ndi chaka chake, m'njira yoti tithe kuwatsegula pa kompyuta yathu inu palibe."

Woyamba kuimba foni anali bambo wa suti uja.

"Mayi anga, talakwanji? Mabuku anu ali bwinobwino. Ngati mukufuna kuwaona, tsegulani nkhokwe muwaone."

"Sindikufuna kuwaona, bambo. Ndikufuna kuwatenga."

"Koma palibe anatipemphapo zimenezo."

"Ndiye ine ndikhale woyamba."

Pasanathe ola bambo Thawale nawo anaimba. Ulendo uno sanaseke. Anati Nangondo wachititsa manyazi komiti pamaso pa alendo, ndipo nkhaniyi ikambidwa Lachisanu isanakambidwe ina iliyonse. Nangondo anapepesa chifukwa cha manyaziwo, koma kalata sanaibweze.

Anyamata a kampani yachiwiri anayankha mwaulemu. Anati amene ankadziwa kutulutsa zinthu zonse pamodzi anali mnzawo wachitatu, koma anapeza ntchito ku Joni, ndipo akumuyesayesa pa foni. Masiku asanu ndi awiri anatha akumuyesabe.

Kampani yoyamba inatumiza zake tsiku lachisanu ndi chimodzi. Zinabwera pa intaneti, ndipo ndi netiweki ya kumeneko zinatenga tsiku lathunthu kuti zitsike.

Koma za kampani yachitatu zinali zitafika kale. Tsiku lachitatu chitumizireni kalata ija, kondakitala wa minibasi anaima pa geti la koleji ndi envulopu ya khaki. M'katimo munali fulashi, mndandanda wosindikiza wa mabuku onse makumi asanu, ndi kapepala kolembedwa pamanja ndi mayi wochedwa uja.

"Onse alimo," kanatero kapepalako. "Koma onaninso buku la a Likongwe. Inu munalemba kuti lili ndi masamba 160, pamene amene anatifika ndi 144. Likuchoka pa tsamba 87 n'kulumphira pa 104. Tinakutumizirani uthenga tsiku limene munaliika, mwina simunauone. Chonde musataye la pepala musanajambulenso."

Nangondo anawerenga kawiri. Uthengawo anaukumbukira. Nkhokwe yachitatu inkatumiza timauthenga tambiri, ndipo iye, monga anzake onse, anali atasiya kutiwerenga. Anathamangira ku kachipinda kuja, nang'amba tepi ya pa katoni, nafukula mpaka analipeza. Anatsegula pa tsamba 87. Chinyezi chinali chitamata masamba otsatira kumsana kwa tsambalo, onse pamodzi ngati chikuto chimodzi, ndipo pojambula iye anawatembenuza ngati tsamba limodzi. M'masamba amenewo ndi mmene mayi Likongwe anafotokozamo kagonekedwe ka mwana pachifuwa cha mayi wake, kamangidwe ka nsalu, ndi zizindikiro zoti mwana wayamba kuzizira. Mtima weniweni wa bukulo unali pamenepo.

Cholakwa chinali chake. Buku loperewera lomwelo analiika m'nkhokwe zonse zitatu. Yoyamba inalilandira ndi kachizindikiro kobiriwira. Yachiwiri inalilandira osanena kanthu. Imene inazindikira ndi ija yotopetsa, yofunsa kuchuluka kwa masamba.

Anatenga kampeni kopyapyala, nayamba kulekanitsa masambawo limodzilimodzi, mpweya ataugwira. Ntchitoyo inamutengera masana onse. Tsamba limodzi linang'ambika pakona, koma mawu onse anatsala.

Lachisanu komiti inakumana ku tauni. Bambo Thawale anatsegula ndi pemphero, kenako ndi chidzudzulo. Anati komiti ili ndi dongosolo, ndipo munthu mmodzi sangamalembe makalata ngati kuti mgwirizano ndi wa kwawo. Nangondo anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anapempha mphindi zochepa.

Anaika patebulo kompyuta yakale ya ku koleji yake, nazula chingwe cha intaneti.

"Kwathu masiku ambiri kumakhala chonchi," anatero. "Muno muli zimene makampani atatu atibwezera. Bambo wapampando, ndinu katswiri kuposa tonsefe. Tatipezereni buku la mayi Likongwe."

Bambo Thawale anavala magalasi, nakokera kompyutayo pafupi. Anayamba ndi za kampani yoyamba. Munali zinthu makumi asanu ndithu, koma zopanda maina. Chilichonse chinali ndi nambala yaitali chabe. Mlembi panalibe, mutu panalibe, chaka panalibe. Anatsegula choyamba. Panatuluka mawu oti sichingawerengeke popanda kulumikiza ku kampani.

"Bwezeranitu chingwecho," anatero.

Nangondo anabwezera. Bambo Thawale anatsegulanso. Tsopano panatuluka mawu oti mwezi woyesera unatha dzulo. Anayesa chachiwiri, chachitatu, chachisanu ndi chiwiri. Mawu anali omwewo.

Anapita pa za kampani yachiwiri. Munalibe kanthu.

Pa za kampani yachitatu maina a alembi anali m'ndondomeko yake. Chala chawo chinatsika mpaka pa Likongwe, ndipo bukulo linatseguka. Nangondo anazulanso chingwe chija. Bukulo linakhalabe chitsegukire.

Kenako anatulutsa kapepala kolembedwa pamanja kaja, nakawerenga mokweza, osabisa kuti wolakwa pojambula anali iye mwini.

Mwadzidzidzi munthu wa ku koleji ya zaulimi anadzambatuka, mpando n'kugwa. "Ifetu masamba sitinawerenge, ndipo mabuku athu akale akutenthedwa lero," anatero, foni ili kale kukhutu. Anatuluka panja, ndipo onse anamumva akukuwa pakhonde: "Musayatse! Ndati moto umenewo musayatse, dikirani ndibwere!"

Palibe anaseka.

Bambo Thawale anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ngakhale anali oyera. Kenako analankhula ngati akudziuza okha. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikulondera kuti buku lisatuluke. Sindinaganizepo kuti tsiku lina wolondera adzakhala wina, wopempha kuti lituluke n'kukhala ine."

Anatenga fomu yawo ija, nalemba funso la Nangondo lija ndi cholembera pamwamba pa funso loyamba. Anaipereka kwa mlembi wa komiti. "Ili ndilo loyamba. Enawo atsike." Kenako anayang'ana Nangondo. "Mayi Nangondo, tisanasainire chilichonse, kodi muli ndi 'nanga zikavuta' wina? Nenani, tikumva."

"Alipo mmodzi, bambo. Mayi wa kapepalayu akadzasiya ntchito, n'kubwera wina wosawerenga masamba?"

Anakambirana mpaka masana. Anasankha nkhokwe yachitatu, koma anaika lamulo. Chaka chilichonse, pa nthawi yotsekera sukulu, koleji iliyonse izipempha mabuku ake onse, iziwatsegula pa kompyuta yake chingwe chitazulidwa, n'kusunga. Anagwirizananso kuti buku la pepala lisatenthedwe anthu awiri asanawerenge masamba ake.

Sikuti nkhokweyo inasanduka yokongola ayi. Inapitiriza kuchedwa, ndipo anthu anapitiriza kuidandaula. Akulu a koleji ya unamwino anadikira kalasi yawo teremu yathunthu, ndipo masiku ena sankamuyankha Nangondo moni. Koma pamene amisiri anabwera kudzakonza kachipinda kaja, mabuku onse anali atawerengedwa masamba. Mmisiri wina anazula chikwangwani cha pachitseko nafunsa ngati achisunge. Nangondo anati ayi. Tsiku lomwelo wophunzira wina amene anatumizidwa ku chipatala cha kumudzi anamuimbira foni kufunsa za buku la mayi Likongwe, chifukwa kunabadwa mwana wa miyezi isanu ndi iwiri ndipo magetsi kunalibe. Nangondo anamuuza kuti atsegule pa foni yake, ayambire pa tsamba 88.

Tsono inu amene mwamva, tonsefe tili ndi kanthu kamene sitingathe kukasunga tokha. Wina ndi mwana, wina ndi mbewu, wina ndi makalata a malo, wina ndi zithunzi za mayi ake zimene zili pa foni. Timakapereka kwa ena, ndipo si kulakwa. Koma ambirife timasankha wosunga m'mawa, pamene aliyense akumwetulira ndipo manja ali otambasula. Kulandira n'kosavuta, ngakhale dzenje limalandira.

Musanasiye chanu m'manja mwa munthu, muyeseni ndi chochepa, ndipo muchipemphe msanga, chinzake chikadali m'manja mwanu. Onani ngati akubweza chonse. Onani ngati akubweza osakwinya nkhope. Ndipo akakuuzani kuti, "Apa munalakwitsa ndinu," musamukwiyire, chifukwa ameneyo ndiye anachiyang'anadi chinthu chanucho.

Adzakusekani, mwinanso adzakupatsani dzina. Lolani. Nyimbo za m'mawa mwazimva kale. Pitani mukaime pa geti nthawi yoweruka.